Chingwe chimene phiri linakoka

Amalume anga anali mmisiri womanga nyumba. M'thumba lawo la zida simunkasowa chingwe chokhala ndi kachitsulo kosongoka kumapeto. Akafika pa ngodya ya khoma ankachilendeweretsa, n'kudikira kuti chileke kugwedezeka, kenaka n'kutsinzina diso limodzi. Tsiku lina tili pa nyumba ya njerwa zootcha kufupi ndi msika wa Bembeke, mphepo ya June ikulowa mpaka m'mafupa, ndinawafunsa kuti amadziwa bwanji kuti chingwecho chikunena zoona.

"Mphwanga," anandiyankha, "munthu amanama, diso limanama, koma ichi ayi. Chimaloza pakati penipeni pa dziko."

Makoma amene anamanga akadali chilili, ndiye sindingawatsutse pa ntchito yawo. Koma patapita zaka ndinadzamva kuti chingwe chotere chimapatuka pang'ono chikakhala pafupi ndi phiri, chifukwa phirilo nalo limakoka. Ndinadzamvanso kuti munthu amene anatha zaka zambiri akulondola kupatuka kumeneku dzina lake timalitchula kawirikawiri m'dziko muno osadziwa mwini wake.

Mukaima kum'mawa kwa Bembeke, pamene mtunda umathera mwadzidzidzi n'kugwera ku chigwa cha Mua ndi Mtakataka, kapena mukamatsika msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere kulowera ku Golomoti, tsiku lopanda nkhungu mumaona nyanja ili mbee, ndi mapiri a ku Nankumba chapatali. Kumapeto kwa mapiri amenewo kuli mudzi wa Chembe, umene pa mapu analemba kuti Cape Maclear. Dzinali anapereka ndi David Livingstone mu 1861 pamene ankazungulira malowo pa bwato. Ankakumbukira bwenzi lake Thomas Maclear, mkulu wa nyumba yopimira nyenyezi ku Cape Town, amene mu 1852 anamuthandiza kuzama pa luso lodziwa pamene munthu ali poyang'ana kumwamba, ndipo pambuyo pake ankawerengetsa miyeso imene Livingstone ankatumiza kuchokera m'maulendo ake. Maclear sanapondepo m'dziko muno.

Ntchito yake yaikulu inali yokonza cholakwa cha munthu wina amene sanalakwitse masamu. Mu 1751 Mfalansa wina, Nicolas-Louis de Lacaille, anafika ku Cape kudzalemba nyenyezi za kumwera, ndipo analemba pafupifupi 10,000. Chaka chotsatira anaganiza zoyezanso maonekedwe a dziko lapansi. Nthawi imeneyo akatswiri anali atatsimikiza kale, poyeza ku Lapland ndi ku Peru, kuti dziko ndi lophwatalala pang'ono kunsonga, monga ananenera Isaac Newton. Lacaille ankafuna kuona ngati theka la kumwera lili chimodzimodzi. Njira yake inali iyi: kuyeza mtunda wapansi kuchokera ku Cape Town kukafika ku famu ya Klipfontein chakumpoto, mtunda woposa makilomita 100, kenaka kupima nyenyezi zodutsa pamutu kumalekezero onse awiri. Kuti chida chopimira nyenyezi chiime chilili, ankachilinganiza ndi chingwe cholendewera, chonga cha amalume chija. Zimene anapeza zinadabwitsa onse. Zinkaonetsa ngati theka la kumwera ndi losiyana ndi la kumpoto, ngati dziko linaumbika monga peyala.

Zinakhala choncho zaka pafupifupi 70, mpaka George Everest, amene dzina lake linapatsidwa phiri lalitali koposa onse, atafika ku Cape mu 1820 kudzapuma atadwala ku India. Anayendera malo amene Lacaille anaima, nayang'ana mapiri. Kumwera kunali Table Mountain, kumpoto kunali mapiri a Piketberg. Iye anati mwina mapiriwo anakoka chingwe. Maclear, amene anafika ku Cape mu 1834, anayamba kubwereza ntchito yonse mu 1838, naitalikitsa kwambiri, anthu ake akugona m'mapiri m'nyengo yozizira, mpaka cha m'ma 1847. Anapeza kuti Everest ananena zoona. Dziko silinali ngati peyala. Chingwe ndicho chinapendekeka, ndipo kupendekeka kwake kunali kosaoneka ndi maso. Digiri imodzi imagawidwa m'timagawo 3,600, ndipo chingwe chikapatuka ndi kagawo kamodzi kokha, woyeza amasokera ndi mamita pafupifupi 30 pansi pano. Ku Scotland, pa phiri la Schiehallion, Nevil Maskelyne anali atayeza kale kukoka kotereku mu 1774, napeza timagawo tosakwana 12.

N'chifukwa chiyani phiri lonse la Table Mountain, kapena lathu la Dedza lotalika mamita 2,198, limakoka pang'ono chonchi? China n'chakuti phiri ndi kanthu kakang'ono poyerekeza ndi dziko lonse. China n'chakuti mphamvu yokoka imatha msanga munthu akamatalikira. Newton analemba lamulo lake m'buku la 1687: mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu imatsika kanayi, ukawirikiza katatu, imatsika ka 9, ukawirikiza ka 10, imatsika ka 100. Umachulukitsa mtunda ndi mtunda womwewo. Analiyesa pa mwezi. Mwala ukagwa kuchokera padenga umayenda mamita pafupifupi 5 m'sekondi yoyamba. Mwezi uli kutali ka 60 kuposa mmene ife tatalikirana ndi pakati pa dziko, ndiye kukoka kumeneko kuyenera kuchepa ka 3,600. Ndipo n'zoonadi: pozungulira dziko, mwezi umagwera kuno milimita imodzi ndi pang'ono pa sekondi iliyonse. Lacaille uja anathandizanso pano, chifukwa ali ku Cape ankapima mwezi nthawi imodzi ndi Jérôme Lalande, mnyamata wa zaka 19 amene anali ku Berlin, ndipo anapeza mtunda wake molondola kuposa kale.

Lamulo lomweli limagwira ntchito pa thumba la kachewere. Bembeke ali pamwamba kuposa nyanja ndi kilomita imodzi ndi pang'ono. Thumba la makilogalamu 50 likanayezedwa pa sikelo ya mbedza yomva bwino kwambiri, kutalikira kokhako kukanalipepukitsa ndi magalamu pafupifupi 17 kuno kumtunda, ngakhale kuti miyala ya pansi pa mapazi athu imabwezapo gawo lina. Palibe mlimi amene angadandaule nazo, koma zida za akatswiri ofufuza miyala zimamva kusiyana kumeneku mosavuta.

Ku sekondale tinaloweza lamuloli. Pa bolodi panali chilembo r, ndipo pamwamba pake kanambala 2 kakang'ono. Mnzanga wina anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, bwanji pali 2, osati 3?"

"Lamulo lake ndi lomwelo. Lowezani, mayeso ali pafupi."

Aphunzitsi aja sindiwaimba mlandu, chifukwa nawonso anangopatsidwa choncho. Koma zimandiwawa mpaka lero kuti funso labwino koposa limene linafunsidwa m'kalasi imeneyo linafera pomwepo, pamene yankho lake lili m'nyumba iliyonse ya ku Bembeke.

Yatsani koloboyi pakati pa chipinda chamdima. Kuwala kwake kumapita mbali zonse: kutsogolo ndi kumbuyo, kumanja ndi kumanzere, kumwamba ndi pansi. Kukamapita patali kumamwazika pa chikopa cha mpira umene ukukulirakulira. Mpira ukakula kawiri, chikopa chake chimakula kanayi, chifukwa chatalika kawiri ndiponso chatambalala kawiri. Mayi aliyense wozira nyumba amadziwa zimenezi: ndowa ya dothi imene inakwana m'khitchini siingakwane m'chipinda chotalika kawiri ndi chotambalala kawiri, pamafunika ndowa zinayi. Akaumirira ndowa imodzi, dothi limapyapyala kanayi. Ndi mmene moto umachitira tikamawotha usiku wa July: ukasendera m'mbuyo pang'ono, kutentha kumatha msanga kuposa mmene wasenderamo. Mphamvu yokoka nayo imamwazika motero. Siitayika panjira, imangogawika pa malo okulirakulira. Carl Friedrich Gauss, katswiri wa masamu wa ku Germany, anadzaika ganizoli m'masamu okhwima, ndipo mpaka lero limatchedwa ndi dzina lake.

Tsono taganizani za dziko lina, lophwatalala ngati pamwamba pa madzi a padambo, lokhala ndi mulitali ndi mulifupi koma lopanda msinkhu. Mukaponya mwala pamadzi, funde limapita ngati mkombero, ndipo mkombero ukakula kawiri umatalika kawiri basi. M'dziko lotero mphamvu ikanatsika kawiri, osati kanayi. M'dziko la muyeso umodzi, longa mkati mwa paipi imene alimi amatsitsira madzi ku dimba, mulibe komwazikira, ndiye mphamvu ikanakhala yomweyo kufupi ndi kutali. Nanga dziko la miyeso inayi? Maso athu sangalione, koma masamu amaliwerengera bwinobwino: mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu ikanatsika ka 8. La miyeso isanu, ka 16. Kanambala ka pa bolodi kaja ndi chiwerengero cha miyeso ya malo, kuchotsapo umodzi. Mmisiri akafuna kudziwa njerwa za nyumba amafunsa zinthu zitatu, mulitali, mulifupi ndi msinkhu, ndipo safunsa chachinayi. Zitatu kuchotsapo chimodzi, ndiye 2 uja. Atsikana amene akuphunzira uphunzitsi pa koleji ya St Joseph's pompano pa Bembeke angathe kusonyeza ana zonsezi ndi koloboyi, ndowa ndi beseni la madzi.

Woyamba kulumikiza zinthu ziwirizi anali Immanuel Kant wa ku Königsberg, m'buku lake loyamba, limene analemba ali ndi zaka zopitirira 20 pang'ono ndipo linatuluka mu 1749. Iye anazitenga chadodolido. Anati malo ali ndi miyeso itatu chifukwa cha lamulo la Newton, ndipo Mulungu akanasankha lamulo lina, miyeso ikanakhala ina. Lero timati miyeso ndiyo imabala lamulo. Komabe anaona kuti ziwirizi n'zomangika pamodzi, ndipo panapita zaka zoposa 150 asayansi asanalondole bwinobwino njira imene anatsegula.

Amene anailondola ndi Paul Ehrenfest, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Leiden ku Netherlands, bwenzi lapamtima la Albert Einstein. Mu 1917, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, analemba kapepala kakafupi kofunsa kuti: kodi malamulo a chilengedwe amasonyeza pati kuti malo ali ndi miyeso itatu? Yankho lake ndi limene linandichititsa kulemba nkhaniyi, ndipo ndikufuna ndilifotokoze pang'onopang'ono.

Tengani bango lobowoka, lowetsanimo chingwe, mangirirani kamwala kumapeto, n'kuyamba kukazunguza pamutu. Mukakoka chingwe pansi pa bango kuti mkombero uchepe, kamwala kamathamanga kwambiri ndipo kamalimbana nanu kuti kathawire kunja. Mkombero ukachepa ndi theka, liwiro limawirikiza kawiri, ndipo kulimbana kuja kumakula ka 8. Dziko lathu lili ngati kamwala ako, dzuwa ndilo lagwira chingwe. Tiyerekeze kuti china chake chalikankhira dziko kufupi ndi dzuwa, mpaka theka la mtunda. Kukoka kwa dzuwa kukula kanayi, koma kuthawira kunja kukula ka 8. Kuthawa kwapambana, dziko libwerera. Likakankhidwira kutali kawiri, kukoka kutsika kanayi, kuthawa kutsika ka 8. Kukoka kwapambana, dziko libwereranso. Kulikonse kumene lasokerera, pali chimene chimalibweza. Zimenezi zimachitika chaka ndi chaka: mu January tili makilomita pafupifupi 147 miliyoni kuchokera ku dzuwa, mu July 152 miliyoni, kenaka tibwerera. Chisanu chathu cha June ndi July sichichokera pamenepa, chimabwera chifukwa cha kupendekeka kwa dziko, koma kuti chimadza pa nthawi yake chaka chilichonse n'chifukwa chakuti njira ya dziko ili ndi pobwerera.

M'dziko la miyeso inayi kukoka kukanakula ka 8, kuthawa nako ka 8. Palibe chopambana, ndiye palibe chobweza. Dziko likangosuntha pang'ono likanapitirira kusuntha, kulowera m'dzuwa kapena kutayika mumdima. M'dziko la miyeso isanu zikanaipiratu: kufupi, kukoka ka 16 kukanagonjetsa kuthawa ka 8, ndipo kutali, kukoka kukanatha msanga kuposa kuthawa. Kusiyana kwake kuli ngati kwa ndimu imene ili m'mbale ndi ndimu imene mwaisanjika pamwamba pa mphika wovundikira. Ya m'mbale mukaikhudza imagubuduka n'kubwerera pakati. Ya pa mphika, mphepo yolowera pakhomo ndi yokwanira. Ndipo zokankha sizisowa, chifukwa Jupiter ndi mapulaneti ena amatikoka tsiku lililonse. Ehrenfest anaonanso kuti mphamvu ya magetsi imatsata lamulo lomweli, kotero kuti ma atomu, tinthu ting'onoting'ono timene timapanga mwala, madzi ndi thupi la munthu, sakanakhala mmene alili m'dziko la miyeso yochuluka. Ine ndikaganiza zimenezi ndimachita nthumanzi. Mlimi wa ku Bembeke amene amakonza mizere mu October podalira kuti mvula idza akudalira, mosadziwa, kuti malo ali ndi miyeso itatu.

Nambala 2 inayesedwapo kale kumwamba. Pulaneti ya Mercury inkapatuka pang'ono pa njira imene masamu a Newton ankalosera, ndi timagawo ta digiri tija 43 pa zaka 100 zilizonse. Mu 1894 Asaph Hall wa ku America anati mwina nambalayo si 2 yeniyeni koma 2.00000016. Kayendedwe ka mwezi kanakana ganizo limeneli, ndipo mu 1915 Einstein anafotokoza kupatukako mwa njira ina, kuti zinthu zolemera zimapinda malo ndi nthawi. M'chiphunzitso chake miyeso ya malo ikadali itatu, ndipo patali ndi zinthu zolemera kwambiri lamulo la Newton limabwerera.

Koma ku Königsberg komweko, kwawo kwa Kant, kunali mphunzitsi wosatchuka dzina lake Theodor Kaluza. Mu 1919 anatumizira Einstein masamu osonyeza kuti mukawonjezera muyeso wachinayi wa malo, malamulo a kukoka ndi malamulo a magetsi amatuluka m'mphika umodzi. Zinasindikizidwa mu 1921. Funso linali lodziwikiratu: muyeso umenewo uli kuti, popeza sitiuona, ndipo Ehrenfest anali atasonyeza kale kuopsa kwake? Oskar Klein wa ku Sweden anayankha mu 1926 kuti ndi wopindika, waung'ono kosaneneka. Chingwe choyanikapo zovala mukachiona muli patali chili ndi njira imodzi, uku kapena uko. Nyerere imene ili pachingwepo ili ndi njira yachiwiri, yozungulira chingwecho. Muyeso wotere sungasokoneze mapulaneti. Mphamvu yokoka imamwazikiramo pa kamtunda kakang'ono basi, ikaudzaza imapitiriza kumwazika m'miyeso itatu yaikulu, ndipo ife timaona 2 wathu wa masiku onse. Koma zinthu ziwiri zikayandikana kuposa kukula kwa kamuyesoko, nambala iyenera kusintha, kukhala 3 kapena 4.

Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti kamuyesoko n'kakang'ono moti palibe chida chingakafike. Mu 1998 asayansi atatu, Nima Arkani-Hamed, Savas Dimopoulos ndi Gia Dvali, anakumbutsa anzawo chinthu chodabwitsa: lamulo la Newton linali litayesedwa bwino pa mapulaneti, koma palibe amene analiyesa pa mtunda wochepera milimita imodzi. Anati mwina pali miyeso iwiri yobisika yaikulu pafupifupi milimita, ndipo mwina n'chifukwa chake mphamvu yokoka ndi yofooka chotere. Kufooka kwakeko mwana aliyense amene anatolapo misomali ndi maginito a mu sipika yakale anakuona: kachitsulo kokwana m'manja kamalanda msomali umene dziko lonse lapansi likuukoka. Ganizo lawo linali lakuti mphamvu zina zonse n'zotsekeredwa m'miyeso yathu itatu, koma yokoka yokha imadonthera kwina.

Mayankho anadza kuchokera mbali ziwiri. Pa 17 August 2017 zida za LIGO ku America ndi Virgo ku Italy zinamva mafunde a mphamvu yokoka ochokera ku nyenyezi ziwiri zolemera kwambiri zimene zinagundana kutali, mtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupifupi 130 miliyoni. Kuwala kwa ngoziyo kunaonekanso, ndipo pa makina amene anakupima panali a ku Sutherland ku South Africa, amene amayendetsedwa kuchokera ku nyumba yomwe ija ya ku Cape Town imene Maclear ankagwiramo ntchito. Mafundewo akanakhala kuti amadonthera m'miyeso ina yaikulu panjira, akanafika ofooka kuposa mmene mtunda woyezedwa ndi kuwala unkanenera. Anafika ndi mphamvu imene miyeso itatu imalosera.

Yankho la pafupi linachokera ku yunivesite ya Washington mumzinda wa Seattle, kumene gulu la Eric Adelberger lakhala likuyesa lamuloli kwa zaka zoposa 20. Chida chawo ndi mdzukulu wa chimene Henry Cavendish anagwiritsa ntchito mu 1798 poyeza kukokana kwa mipira ya mtovu, ndiponso ndi m'bale wake wa chingwe cha amalume: kambale kolendewera pa waya wopyapyala kwambiri, pansi pake kambale kena kozungulira pang'onopang'ono, pakati pawo kachitsulo kopyapyala kotchinga mphamvu ya magetsi. Sayang'ana kumene waya ukuloza koma mmene ukupotokera. Adani awo ndi kafumbi kamodzi kolowa pakati ndi kunjenjemera kwa nthaka. Mu 2020 analengeza kuti anayandikizitsa timbaleto mpaka magawo 52 mwa magawo 1,000 a milimita imodzi, mpata umene tsitsi la munthu limavutika kulowamo. Pa mpata umenewonso nambala inatuluka 2.